Anamuyeza pa Sikelo ya Mpunga

Mng'ono wanga ankamenya nkhonya. Ndikatero anthu amaganiza za munthu wandewu, koma iye ndewu sankaidziwa. Anali mlimi wa mpunga ngati ine, minda yathu ili yogundana mu sikimu ya ulimi wothirira ya ku Wovwe, ndipo nkhonyazo anaziphunzira kwa mphunzitsi wina amene anatumizidwa kudzagwira ntchito pasukulu ina kufupi ndi Uliwa. Mphunzitsiyo anali wochokera kumwera, wamfupi, wa khosi lonenepa, ndipo ankati pa unyamata wake anamenyapo m'maholo a m'tauni. Anabwera ndi magolovesi akale ong'ambika, nasonkhanitsa anyamata a m'midzi. Iwo ankamutchula kuti a kochi. Inenso ndimutchula choncho, chifukwa dzina lake sindifuna kulilemba.

Masiku amenewo ine sindinkadziwa kuwerenga ngakhale nambala. Sukulu ndinalowa ndili ndi ndevu kale, ndipo Chichewa ndikulembachi ndinachiphunzira nditapanikizana pabenchi ndi ana a msinkhu wa mwana wanga. Ine ndi mng'ono wangayo tinkalankhulana m'Chitumbuka. Mawu ake ndawatembenuza, ndipo akumveka aulemu kuposa mmene ankawanenera mwini wake.

Anyamatawo ankaphunzirira m'shedi ya pamsika wogulira mpunga, akalaliki akaweruka. Ankapachika thumba la mchenga pamtanda wa denga n'kumalimenya mosinthana. Pamtanda womwewo panali sikelo yopachika, ija ya nkhope yozungulira ngati wotchi, ya mbedza kunsi. Sikelo imeneyo aliyense wolima mpunga ankaidziwa. Singano yake sinkayambira pamene iyenera kuyambira, inkagona kumbuyo. Akalaliki ankati n'zochotsera thumba ndi mankhusu, koma thumba lopanda kanthu tinkalinyamula ndi chala chimodzi. Ukabwera ndi mpunga umene wakuthyola msana kuchokera kumunda, sikelo inkati ndi wopepuka. Ife tinkati sikelo imadya. Tinkanena zimenezi kumunda, tili awiriawiri, madzi a mumngalande akusokosera. Pamsika pomwe tinkangoti zikomo bwana. Zinali zaka za chipani chimodzi, ndipo pachipata pankaima anyamata ofunsa khadi la chipanicho. Wodandaula ndi sikelo ankasanduka wodandaula ndi boma, ndipo wodandaula ndi boma ankanyamulidwa, abale ake osadziwa kumene wapita.

Pa nkhonya anthu samenyana chisawawa. Amawagawa m'magulu malinga ndi kulemera kwawo, ndipo ukapitirira malire a gulu lako, ngakhale pang'ono chabe, sakulola kukwera m'bwalo. Mng'ono wanga anali wa mapewa otambasuka ndi ntchafu ngati za ng'ombe yolima. Gulu lomuyenera linalipo, koma linali kale ndi mwini wake, mwana wa mlongo wawo wa a tcheyamani a chipani m'dera lathu. Mnyamata ameneyo anali wabwino mtima, koma ankaponya nkhonya ngati akupempha chinthu. Shedi yathu inkatumiza munthu mmodzi pa gulu lililonse, ndipo a kochi sanafune kuti awiriwa alimbirane malo, chifukwa ankadziwa amene angagwe. Ndiye anauza mng'ono wanga kuti atsike gulu limodzi.

"Kumeneko ukakhala njovu pakati pa mbuzi," anatero. "Ungosiya kadyedwe kanu ka kuno, kodya ngati mawa kulibe."

Ku Boma kunkakonzedwa mpikisano wosankha oimira Karonga yense, ndipo mphekesera inali yoti opambana amaonedwa ndi akuluakulu n'kulembedwa ntchito ya yunifolomu. Mng'ono wanga ankaifuna ntchito imeneyo. Anali atatopa ndi matope ndi misundu. Sindinganame kuti anachita kumukoka ndi chingwe. Anavomera akuseka.

Mlimi wa mpunga anasiya kudya mpunga. Amayi akaphika mbalagha, nthochi zija zophikira limodzi ndi nyama, iye ankatuluka kukakhala pansi pa mtengo kuti asamve fungo. Ankadya kausipa kowamba, tomato, ndi tiyi wopanda shuga, kenaka n'kupita kumunda kukagwira ntchito yomwe ija ya masiku onse. Amayi ankamufunsa ngati walowa mpingo watsopano. Masaya analowa. Lamba anamuboola kachiwiri. Anayamba kupsa mtima ndi tinthu tachabe, munthu amene kale ankaseka ngakhale ng'ombe itamuponda. Akadzuka msanga pamene wakhala, ankayamba wagwira khoma.

Kayezedwe kake kanali koseketsa. Popeza sikelo inali ya mbedza, munthu ankalowa m'chiguduli, anzake n'kumukweza n'kukoleka chigudulicho. Ankalendewera pamenepo mutu wokha uli kunja, a kochi atakwera pabenchi kuwerenga singano. Tsiku lina mng'ono wanga ali m'chigudulimo ananena m'Chitumbuka kuti, "Bwana kalaliki, ndine giredi yanji? Musaiwale kundichotsera mankhusu."

Shedi yonse inaseka. A kochi sanamve, chifukwa Chitumbuka sankachidziwa ndipo sankafuna kuchidziwa. Iwo ankalandira malipiro a pamwezi, mpunga ankagula wopuntha kale, ndipo anali asanagulitsepo thumba pa sikeloyo. Ife amene tinkaidziwa tinaseka nthabwala n'kupita kwathu. M'mitu mwathu sikelo inkadya mpunga. Palibe anaganiza kuti munthu akalowa m'chiguduli, nayenso imamuchotsera. Kutatsala masiku ochepa a kochi anatsika pabenchi akumwetulira, nati singano yaima pa malire enieni. Anamusisita mutu ngati mwana.

Tinapita ku Boma pa lole mpikisano uli mawa lake. Ine ananditenga kuti ndizikanyamula ndowa ndi thaulo pakona. A tcheyamani anakhala kutsogolo ndi dalaivala. Unali mwezi wa Okutobala. Amene sanakhaleko ku Karonga mwezi umenewo asamanene kuti kutentha amakudziwa. Ngakhale mphepo ya pamwamba pa lole inkawotcha m'mphuno.

Anatifikitsa pasukulu ina. M'kalasi anali ataikamo sikelo ya kuchipatala, yoimapo, pamodzi ndi bambo wina wachipatala amene tonse tinkati adokotala. Kuyeza kwa tsikulo kunali kongoonera, kwenikweni kunali m'mawa mwake. Woyamba wa ku shedi yathu anakwera, adokotala anatchula nambala, a kochi anakwinya nkhope. Wachiwiri chimodzimodzi. Aliyense anapezeka wolemera kuposa mmene a kochi ankamudziwira, ndipo kusiyana kwake kunali kofanana. Enawo sizinawavute, anali ndi mpata m'magulu awo. Mng'ono wanga analibe mpata. Anali atapitirira ndi mapaundi asanu.

"Sikelo yanuyi ili bwino, adokotala?" anafunsa a kochi.

"Imayeza odwala tsiku ndi tsiku, palibe wadandaula. Inu mumayezera pati?"

Mnyamata wina wa ku Uliwa, wa pakamwa pofulumira, anayankha asanaganize. "Pa sikelo ya kumsika wa mpunga. Ija imadya ija."

A tcheyamani anali atakhala patebulo la mphunzitsi akudzikupiza ndi chipewa. Anasiya kukupiza.

"Wati chiyani, mnyamata?"

"Palibe, a tcheyamani."

"Ndamva ngati wati sikelo ya boma imaba. Kapena makutu angawa akalamba. A kochi, inu mwamva chiyani?"

Ine ndinkayang'ana a kochi. Ndikunenetsa kuti anamvetsa. Munthu wophunzira, wophunzitsa masamu ana a anthu, anaona anyamata onse atalemera mofanana, ndipo nkhope yake inaonetsa kuti wawerengera n'kupeza yankho. Akanatha kunena kuti mnyamatayu ulendo uno asamenye. Akanatha kunena kuti ndine ndinalakwitsa powerenga singano, ndipo palibe akanamumanga chifukwa cha maso. Koma anatembenukira kwa mng'ono wanga, amene anali chiimire pa sikelo ndi kabudula yekha, nthiti zikuwerengeka.

"Iwe, wakhala ukudya mobisa."

"Ine, a kochi?"

"Usandiyankhe. Ine ndikuvutika nawe, iwe uli kalikiliki m'mapoto a amayi ako. Mawa kukubwera alendo akuluakulu kudzaona anyamata a a tcheyamani ali okwanira. Zimene wadyazo uzitulutsa lero."

A tcheyamani anayambanso kudzikupiza. "Nkhani yake ndi imeneyo. Kususuka basi."

Adokotala anatsina khungu la pamkono wa mng'ono wanga, naliona likuchedwa kubwerera. Ananena chapansipansi kuti, "Uyu wauma kale. Palibe choti mufinye apa." Sanabwereze. Anaitana wotsatira. Kwa zaka zambiri ndinkawayamikira mumtima chifukwa cha mawu amenewo. Tsopano sindiwayamikira. Mawu onena kamodzi, maso ali pansi, amathandiza wonenayo kuti akagone bwino, osati amene waima pa sikelo.

A kochi anatuma munthu kusitolo kukagula mchere uja wotsegula m'mimba, nausungunula m'timadzi tochepa. Amenewo ndiwo madzi omaliza amene mng'ono wanga anameza tsiku limenelo. Kenaka anatenga mapulasitiki a m'kati mwa matumba a feteleza, naboola podutsa mutu ndi mikono, namuveka awiri, pamwamba pake juzi ya ubweya ndi jekete ya dalaivala. Anamupatsa bwemba kuti azivumata n'kumalavula malovu. Ine anandibwerekera njinga.

"Achimwene, mumutsate mpaka ku Mwenilondo n'kubwerera. Akamwa madzi ndidziwa, ndipo mukafotokoza nokha kwa a tcheyamani."

Dzuwa linali pamutu. Poyamba ankathamanga bwino, mapulasitiki akusokosera, thukuta likutsika m'miyendo mpaka kudzaza nsapato. Anthu a m'mbali mwa msewu ankaima kumuyang'ana. Mayi wina wogulitsa mango anandifunsa ngati ndikuperekeza wamisala. Mng'ono wanga anamuyankha yekha, "Eya mama, misala yofuna ntchito." Mcherewo utayamba kugwira, ankapatukira patchire pafupipafupi, n'kutuluka atagwira pamimba.

Pafupi ndi pamene tinkatembenukira panali mjigo, amayi akutunga. Anaima.

"Akulu, nyota," anatero. Nyota ndi ludzu m'chilankhulo chathu.

Ndinapempha madzi m'chikho. Ndinamuuza kuti achukuche n'kulavula. Anachukucha nthawi yaitali, maso ali pa ine, kenaka analavula. Mwini chikho anatitukwana tonse awiri m'Chinkhonde. Za pamjigo paja ndalemba zokwanira.

Pobwerera sankathamanganso, ankangokoka miyendo. Akatumba ankakokana mpaka kuuma ngati chinangwa, iye n'kugwa m'fumbi, ine n'kutsika panjinga kumuwongola phazi. Zikasiya mwendo uwu zinkagwira winawo, kenaka zala za m'manja. Titafika, a kochi anamukweza pa sikelo. Mapaundi anali atatsika, koma osakwanira. Anamulowetsa kutsogolo kwa lole imene inali itaima padzuwa, natseka magalasi. Anzake anakhala pamthunzi. Mwana wa mlongo wa a tcheyamani uja ndiye anadzuka.

"A kochi, ine ndisamenye. Alowe gulu langa."

"Amalume ako ukawauza ndiwe?"

Mnyamatayo anaima pang'ono, kenaka anabwerera pamthunzi.

Atamutulutsa m'lolemo, chimene chinandiopsa n'choti sankatulukanso thukuta. Khungu linali lotentha ndi louma ngati chiwaya. Maso analowa. Lilime linkamata m'kamwa, mawu osamveka bwino. Anandifunsa ngati ndatsegula madzi kumunda kwa adada, pamene bambo athuwo anali atamwalira kalekale. Ndinawauza a kochi. Anati ndi mmene zimakhalira, kuti iwo kutauni anaona anthu akuchita zoposa pamenepa, kuti mwamuna amadziwika pa ludzu. Anabwereka lezala namumeta mpala kuti tsitsi lisamulemeretse. Mpaka lero ndikamva munthu akuyamba mawu ndi kuti mwamuna amadziwika, ndimadziwa kuti pali mwana wa wina amene akufuna kumuwononga.

M'mawa mwake anakwera pa sikelo ali maliseche, anzake atamutchinga ndi thaulo. Adokotala anakankha kachitsulo, nayang'ana, nati wakwana. A kochi anaomba m'manja. A tcheyamani anati, "Mwaona mwana akamvera?" Pomwepo anamupatsa tiyi wa shuga wambiri, mabanzi, ndi madzi. Anamwa ngati ng'ombe, nasanza zonse, namwanso. Atapita kuseri kukakodza anandiitana kuti ndidzaone. Tinali timadontho tochepa, takuda ngati tiyi wopanda mkaka.

"Akulu, ndayamba kutulutsa tiyi. Titsegule tiyirumu ku Uliwa."

Anaseka yekha, atatsamira khoma la chimbudzi.

Bwalo analikhoma ndi matabwa ndi zingwe pakati pa bwalo la mpira. Alendo anafika mochedwa. Amayi anavina, akuluakulu analankhula mmodzimmodzi, aliyense akuthokoza amene walankhula kale, ndipo nthawi yonseyi omenya nkhonya anali ataima pamzere padzuwa kuti alendo aziwaona. Mng'ono wanga ankagwedezeka ngati bango. Ndinaima kumbuyo kwake n'kumugwira lamba wa kabudula kuti anthu asaone.

Womenyana naye anali mnyamata wa kumpoto kwa Boma, wamng'ono thupi, koma wodya ndi womwa. Raundi yoyamba mng'ono wanga anamuthamangitsa bwalo lonse. Nkhonya imodzi inamukhazika mnyamatayo pazingwe, anthu anakuwa, a kochi anandimenya paphewa nati, "Njovu ija ndi imeneyo." Atabwera pakona ndinamupatsa madzi, koma ankangotayikira pachifuwa. Ankapuma ngati galu. Anandiuza kuti akuona anthu awiri ndipo sakudziwa womenya.

"Menya onse," anatero a kochi.

Raundi yachiwiri manja anatsika. Anayesa kuwakweza, anatsikanso. Mnyamata uja anamupeza ndi nkhonya yoti kale akanaiseka. Anagwa, nadzuka, natembenukira kumene kunalibe munthu, akuponya m'malere. Kenaka anagwanso popanda womukhudza. Anthu anaseka. Wina kumbuyo anati waledzera, wina anati akamwetseni phala. Kusekako kunatha ataona miyendo ikuphiriphitha pamatabwa ndi maso atatembenuka. Tinamunyamula ine ndi mnyamata wa ku Uliwa uja mpaka kuchipatala. A kochi anatsala, chifukwa wotsatira anali mwana wa mlongo wa a tcheyamani.

Anamuika diripi. Anatsitsimuka tsiku lomwelo, nandifunsa ngati wapambana. Namwino wina, mayi wa m'chigawo chapakati, anandipatsa botolo nati, "Bambo, ntchito yanu ndi iyi. Akakodza, ngakhale dontho, mundiitane." Ndinakhala ndi botolo limenelo pansi pa bedi. Tsiku linapita, lina linapita, botolo lili louma. Madzi ankalowa pamkono koma osatuluka. Munthu amene masiku ochepa m'mbuyomo tinkamufinya anayamba kutupa. Mapazi anakhala ngati mitondo, nkhope inadzaza mpaka maso kutsala timing'alu. Ukamudinikiza ndi chala pamwendo, dzenje linkatsala. M'kamwa mwake munkatuluka fungo la mkodzo. Ankasanza chilichonse, thupi lonse likumuyabwa. Namwino anandiuza kuti impso zaima. Ine impso ndinkazidziwa ngati nyama imene timawotchera ana tikapha mbuzi. Sindinkadziwa kuti zimagwira ntchito, kapena kuti zikhoza kuima.

Lole inabwerera kwathu popanda ife. A kochi anabwera kamodzi lole isananyamuke, ataima kumiyendo kwa bedi, osakhala pansi.

"Mnyamatayu ayenera kuti anali ndi likodzo kuyambira kale," anatero. "Inu a m'madzi mumabisa matenda. Mukanandiuza."

Mng'ono wanga anatsegula timing'alu ta maso tija. "A kochi, tsopano ndili gulu lanji?"

A kochi anandikokera pakhonde nandiuza kuti a tcheyamani akuti banja lisamalankhule zambiri, chifukwa alendo anakondwa ndi mpikisano ndipo si bwino kuipitsa dzina la dera. Ndinati zikomo. Liwu limenelo tinkalinena kwa aliyense, pa chilichonse, ndipo lero likandituluka ndimamva ngati ndameza ntchentche.

Amayi anafika pa basi atanyamula mbalagha m'kapoto. Namwino anawaletsa, nati nthochi ndi mchere zingamuphe mmene alilimu. Anakhala pansi pambali pa bedi kapotoko kali pamiyendo mpaka kanazizira, kenaka anapatsa odwala ena.

Wodi yonse inadziwa za botolo lathu. M'mawa uliwonse mkulu wina wothyoka mwendo pabedi loyandikana ankafunsa kuti, "Kwagwa mvula kwanuko?" Ine ndinkati ayi. Sindikumbuka kuti panapita masiku angati, koma ndikukumbuka kuti adokotala ena aakulu anayamba kulankhula za kumutumiza kumwera, n'kumanenanso kuti mwina sangafike. Ndiye masana ena mng'ono wanga anandikodola. Ndinamugwirira botolo. Munatuluka timadzi todera, tosakwana kapu. Mkulu wothyoka mwendo uja anamenya ndodo yake pachitsulo cha bedi nalengeza kwa onse kuti mvula yagwa ku Wovwe, ndipo odwala anaseka mpaka ena kutsokomola. Namwino anaunika botololo pazenera ngati akuyang'ana mafuta. Ine ndinatuluka panja.

Ndinkaganiza kuti zatha. Kutupa kunaphwa, anayamba kudya, ndipo tinabwerera kwathu. Koma amene ndinabwera naye sanali yemwe ndinapita naye. Akagwira khasu pang'ono, madzulo mapazi ankatupa. Mutu unkamuwawa mpaka kumanga nsalu. Magazi ankamuthera, zikhatho n'kuyera. Tinkapita kuchipatala, n'kubwera ndi mapilitsi, n'kupitanso. M'mudzi anthu anayamba kunena kuti analodzedwa ndi womenyana naye uja, ndipo nkhani imeneyo inafala msanga chifukwa inali yosaopsa kuinena. Mfiti ungaitchule pamsika masana. A kochi anasamutsidwa chaka chotsatira, ndipo tinamva kuti kwawoko anawakweza kukhala ahedi.

Zaka zitapita, ndili kale pabenchi ndi ana aja, mphunzitsi wathu anajambula impso pabolodi, ziwiri, ngati nyemba. Anafotokoza kuti zimasefa magazi, kuti zimafuna madzi, ndi kuti munthu akatsegula m'mimba kapena akatuluka thukuta kwambiri osamwa, zimawonongeka. Ana ankabwereza pambuyo pake mokweza. Ndinafunsa ngati phunziro limeneli ndi latsopano. Anati ayi, lakhala likuphunzitsidwa kuyambira kale m'makalasi a pulayimale. Ndiye kuti mphunzitsi wa nkhonya uja ankaima kutsogolo kwa ana m'mawa n'kuwauza kuti thupi limafuna madzi, ana n'kumabwereza, iye n'kuwachonga. Sanali mbuli ngati ine. Anasankha yekha m'kalasi moyezera muja, pakati pa kukwiyitsa munthu wodzikupiza ndi chipewa ndi kuumitsa mwana wa amayi anga, ndipo sanachedwe posankha. Ine ndinadzuka pabenchi paja n'kutuluka osapempha, ana akundiyang'ana. Anthu amati ndikhululuke chifukwa inali nthawi yake, aliyense ankaopa. Ndikudziwa kuti aliyense ankaopa. Koma mantha a anthu onse a m'kalasi muja anakalipiridwa ndi thupi limodzi, ndipo enafe tinabwerera kwathu impso zathu zili bwinobwino.

Mng'ono wanga sanakwatire. Mtsikana amene ankamufuna anadikira nyengo ziwiri, kenaka makolo ake anamupezera wina, ndipo sindiwaimba mlandu. Munda wake ndinkalima ndine. Iye sanafune kukhala pakhonde ngati nkhalamba, ndiye anadzipezera ntchito imene kwathu timapatsa ana, yoinga mbalame mpunga ukayamba kucha. Anamanga kachisakasa pamzere wa pakati pa minda yathu, nayala zingwe m'munda monse, nakoleka zitini zoikamo timiyala. Ankakhala m'kachisakasamo mapazi atawakweza pa chitsa, n'kumakoka zingwe. Anazikonza mwaluso moti chingwe chimodzi chinkaliza mbali yonse ya kumadzulo. Ana a minda ina ankabwera kudzaonera, iye n'kumawauza kuti mbalame za ku Wovwe zonse zimamudziwa ndi dzina ndipo zikumukonzera mlandu. Za nkhonya sankanena, ndipo ana akayamba kuponyerana zibakera pafupi naye ankawathamangitsa ndi zibuma.

Chaka chomaliza maso anayamba kuchita chifunga, kutupa kunakwera mpaka m'mimba, ndipo ankapuma movutikira akagona chagada. Ndinamuuza kuti akhale kunyumba, ndituma mwana wanga. Anakana, nati mwanayo amagona ndipo mbalame zimamudyera pamphuno. Ndinkamutengera kumunda panjinga m'mamawa, n'kumusiya m'kachisakasa ndi chigubu cha madzi, ine n'kupita kukagawa madzi kumngalande waukulu. Kumeneko zitini zake zinkamveka bwinobwino, ndipo ndinkagwira ntchito ndikuzimvera.

Tsiku limenelo zinalira m'mawa monse, kenaka zinasiya. Ndinaganiza kuti chingwe chaduka ndipo akulumikiza. Ndinatseka madzi, n'kuyamba kuyenda pamzere. Ndisanafike n'komwe pakachisakasa, ndinaona mbalame zitatera m'munda wonse, zina zitakhala pa zingwe zomwezo, zikudya mosathamanga.